Vesti ya pa Msomali wa Che Harun

Hafu pasiti faifi m'mawa wa Lolemba, mafuta anali atatentha kale ndipo ndinali nditaponya chiwaya chachiwiri cha magwinya, mandasi a kuno. Unali mwezi wa June, kunja kudakali mdima. Mwana wanga Farhana anali m'tulo kumsana. Pambali panga, pakhomo pa kontena yawo yokonzeramo njinga, Che Harun anali atagadamitsa njinga, akukunga masipoko. Iwo sakunga ndi maso. Amagogoda sipoko iliyonse ndi kasipanala, n'kutchera khutu, kenako n'kupotoza pang'ono.

Njingayo inali ya amuna anga, a Ismael. Che Harun ankaimanga kuchokera ku zidutswa za njinga zitatu zakufa, ndipo anati Lachisanu ikhala itatha. Lolemba linalo a Ismael amayenera kuyamba kupalasa kuchoka ku Chatsworth kumene timachita lendi, kudzafika kuno ku Jacobs, ku mafakitale a mu Durban, kumene amanyamula makatoni. Tekisi ya anthu awiri tsiku ndi tsiku inkatilemera. Koma ine mtima sunali m'malo. Msewu umenewo ndimaudziwa. Malole a kudoko amayendamo usiku ndi usana, ndipo nthawi yozizira munthu wa shifiti ya m'mawa amafika pageti dzuwa lisanatuluke.

Che Harun ndi bambo wamfupi, wa miyendo yokhota ngati anthu ambiri amene anakulira pa chishalo. Ndevu zawo zayamba imvi. Kwawo ndi kwa Mpondasi ku Mangochi, ndipo anapalasa kabaza zaka khumi ndi zinayi asanabwere kuno. Atafika anagwira m'munda wa maluwa kwa mmwenye wina, kenako pa fakitale ya matiresi, mpaka anapeza kontena imeneyi. Amalawi ambiri ogwira ntchito m'mafakitale muno amayenda pa njinga, ndiye ntchito siwasowa. Akazi awo a Hanifa ali kumudzi. Che Harun satukwana, sasuta, Juma saphonya. Tiyi amamwa wopanda mkaka. Ndi iwo amene anandilola kukazinga pambali pa kontena yawo, ndipo madzulo sitovu yanga imagona mkati mwawo. Sanandifunsepo kalikonse. Ndimawatchula kuti amalume ngakhale sitili pachibale.

M'mawa uliwonse opalasa amaima pamenepo kupopa matayala ndi kumwa tiyi, ndipo mkangano wake ndi umodzimodzi. Amene amauyambitsa ndi Tonderai, wowotcherera zitsulo, wobadwira ku Zimbabwe koma agogo ake anali a ku Dedza. Chichewa chake chimatsimphina pang'ono. Abwana ake anamupatsa zovala zakale za mpikisano, ndiye amafika ali ndi kabudula wothina, chisoti cha mabowo, ndi kanyali kofiira kophethira kumbuyo kwa chishalo.

"Wafika wa diresi ya ukwati uja," anatero a Joel. A Joel ndi mlonda wa ku Phalombe, ndipo nthawi imeneyo amakhala akuweruka.

"Sekani, achimwene. Dzulo ndapalasa mpaka ku Umhlanga n'kubwerera, osatsika."

"Unanyamula chiyani?" anafunsa Che Harun, osadzutsa mutu.

"Botolo la madzi ndi nthochi ziwiri, mdala."

"Ndiye sunapalase. Unakayendetsa nthochi. Ine mtunda wa Chowe ndaukwera ndi mayi wa pakati, apongozi ake atagwira keliyala akuthamanga pambuyo. Miyendo imaphunzitsidwa ndi katundu, osati ndi kabudula."

"Nanga mutu umaphunzitsidwa ndi chiyani? Inu mukagwa, mzuli wanuwo ukutetezani?"

"Chisoti chakocho n'chimodzimodzi tireyi ya mazira. Lole ya matayala makumi awiri ikakupeza, chimangothandiza otola, kuti asavutike kufunafuna."

A Joel anaseka mpaka tiyi anawatsamwa. Iwowo ali ndi chiphunzitso chawochawo: amayenda mbali yolakwika, moyang'anizana ndi magalimoto. "Ine imfa yanga ndikufuna ndiione nkhope," amatero.

"Mudzaiona, achimwene, musade nkhawa," anatero Tonderai. "Idzakupatsani moni ndi malaiti onse."

A Ismael anali atangotsika tekisi, ataima ndi kapu m'manja. Iwo ndi munthu wofatsa, womvera akuluakulu. Anafunsa kuti, "Nanga ine, amalume, Lolemba ndivale bwanji? Kuntchito anatipatsa vesti yowala ija."

Che Harun anasiya kugogoda. "Ikhale m'chikwama. Ukavale utafika pageti."

"Eish, mdala, mwayambanso," anatero Tonderai.

"Sindinayambe, ndikupitiriza. Malamulo a msewu uno ndi atatu. Usawale. Usanyamule pepala. Usatsegule pakamwa. Eni dziko amakwera tekisi. Munthu wopalasa mumdima kupita ku fakitale aliyense akudziwa kuti ndi wobwera. Ukavala chowala, wawauza uli kutali kuti ndili pano, bwerani."

Anthu onse pamenepo amadziwa kumene mawuwa anachokera. Chaka china cha chipwirikiti chothamangitsa obwera, anyamata anawaona Che Harun ali patali chifukwa cha vesti, anawadikirira pa mlatho, n'kuwagwetsa. Anapeza pasipoti m'thumba. Mpaka lero mkono wawo wamanzere suwongoka bwino. Ndiye akamalankhula zimenezi, ngakhale Tonderai amatsitsa mawu. A Ismael anagwedeza mutu. Iwonso anatsitsidwapo mu tekisi pakati pa njira chifukwa choyankha foni m'Chichewa.

Nthawi yomweyo lole ina inakhota kulowa pageti la moyang'anana nafe, ndipo malaiti ake anasesa mkati mwa kontena. Kumapeto kwenikweni, kuseri kwa matayala akale, kuli msomali. Pa msomaliwo pali vesti yachikasu yopachikidwa pa waya. Masana simungaione, ndi yafumbi. Koma malaiti akaigunda imayaka: mizere iwiri pamapewa, iwiri m'chiuno, ngati munthu waima pamenepo wopanda mutu ndi miyendo. Lole ikadutsa amazima. Ina ikabwera amaimanso. Tsiku loyamba kuiona ndinatsala pang'ono kudzithira mafuta. M'mawa umenewo Farhana anali atadzuka, ndipo anatulutsa kadzanja m'nsalu n'kuloza. Anati, "Baba." Amatero akaona mwamuna aliyense.

Che Harun sanacheuke. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti chiyambire ine kukazinga pamenepo, sindinawaonepo akugwira ntchito atayang'ana mkati. Nthawi zonse msana umakhala ku msomali.

Lachitatu Che Harun anapita kutauni kukagula machubu, ndipo ndinapeza mpata womufunsa Tonderai. Ndinamuikira gwinya lina pa pepala kuti asafulumire.

"Vesti ijayi sindikuidziwa, sisi," anatero. "Ndikudziwa za Ibrahimu basi. Simunamve?"

Ndinali ndisanamve. Ibrahimu anali mlamu wawo wa Che Harun, mchimwene wamng'ono wa a Hanifa. Che Harun ndi amene anamuitanitsa kuno, n'kumupezera ntchito pa fakitale ya matumba, n'kumumangira njinga. Anamuikira keliyala ya kabaza yeniyeni, yaitali, yokhala ndi popondera, poti mnyamatayo ankati njinga yopanda keliyala ikuoneka yamaliseche. Ibrahimu anagwira ntchito miyezi isanu. M'mawa wina wa mwezi ngati womwewu anatuluka m'chipinda chake, koma kuntchito sanafike.

"Tonse tinati amugwira za mapepala," anatero Tonderai. "Zimachitika. Munthu amasowa, pakapita masabata awiri amaimba foni ali kumalire kapena ali kale kumudzi. Ndiye tinadikira foni. Kupolisi akanapita ndani kukafunsa? Aliyense mapepala ake anali ndi chilema. Ukapita kukafunsa za mnzako, utsala komweko."

Anadikira masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Tsiku lotsatira, munthu wina wotola zitsulo anafika ndi ngolo yake pa kontena, akugulitsa zidutswa. Pamwamba pa mulu panali keliyala yopindika pakati, ya popondera. Mu Durban monse keliyala yoteroyo amaipanga ndi munthu mmodzi. Wotolayo anati anaipeza mu ngalande, pafupi ndi pamene malole amakhotera.

Ibrahimu anamupeza ku nyumba ya chisoni ya boma, mu kabati, ali ndi nambala pa chala. M'thumba mwake munalibe pepala lililonse, foni inali itaphwanyika. Palibe amene akanadziwa dzina lake, kwawo, ngakhale chipembedzo chake. Ife Asilamu munthu akamwalira m'mawa, dzuwa lisanalowe amakhala atagona m'nyumba yake yomaliza. Mnyamata ameneyo anakhala masabata atatu pozizira, osasambitsidwa, osamuswalira, abale ake akumwa tiyi pano n'kumati mwina wafika pa Mwanza. Che Harun anamusambitsa okha ndi mashehe awiri, ndipo anamuika kuno.

"Dalaivala wa lole anati sanaone kanthu," anatero Tonderai. "Ndipo ine ndimamukhulupirira. Jekete yakuda, njinga yakuda, faifi koloko ya June."

"Ndiye bwanji amalume akuphunzitsabe zomwezo?"

"Mukawafunse nokha, sisi. Ine ndimakangana nawo tsiku lililonse, ndipo tsiku lililonse amawina."

Lachinayi madzulo, titadya, ndinawauza a Ismael zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Make Farhana, ngozi ndi ngozi. Tsiku la munthu likakwana lakwana. Che Harun akhala kuno zaka zoposa makumi awiri ndipo ali moyo. Tonderai uja amalankhula Chizulu ngati mwini wake, akamugwira amapulumuka ndi pakamwa. Ine ndingapulumuke ndi chiyani?"

"Nanga lole mungalankhule nayo chinenero chanji?"

Anatenga vesti ya kuntchito ija, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika pansi pa chikwama, pansi pa bokosi la chakudya. Jekete imene amavala m'mawa ndi yabuluu wakuda. Ndinaiyang'ana ili pa chitseko, ndipo ndinaona kuti ngakhale m'chipinda mwathu momwe, nyali ili chiyakire, inkaoneka movutikira.

Lachisanu ndimachedwa kuweruka chifukwa anthu ochokera ku Juma amagula zotsala. Cha m'ma thuu koloko anthu anali atabalalika. Che Harun anabwera atavala mkanjo wawo woyera, anatsegula kontena, n'kutulutsa njinga ya a Ismael. Inali itatha. Anaipaka penti yakuda, mabuleki atsopano, tcheni chonyezimira mafuta. Anazunguza gudumu lakutsogolo ndipo linayenda mosagwedera mpang'ono pomwe. Analiyang'ana mpaka linaima lokha.

"Make Farhana, tiyi watsala?"

Ndinawathirira. Anakhala pa kireti, msana ku kontena monga mwa masiku onse.

"Tonderai wakuuzani," anatero. Sikunali kufunsa.

"Andiuza, amalume. Pepani."

"Wakuuzani zimene akudziwa. Vesti ili mkatimo ndi ya Ibrahimu. Anamupatsa kuntchito sabata yoyamba. Anafika nayo pano atavala, akunyada, akuti alamu tandionani, ndakhala ngati wa pa eyapoti. Ndinamuvula ndekha. Anaima pomwe mwaima inupo. Ndinamasula ndi manja awa, n'kumuuza kuti chinthu ichi chidzakuphetsa. Pasipoti yakenso ndinatenga, ndinati ndikusungira. Ili m'chitini cha mabisiketi mpaka lero."

Farhana ankasewera ndi chivindikiro cha ndowa pansi.

"Mlongo wake akudziwa kuti inali lole. Za vesti sadziwa. Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano sindinapite kumudzi. Amati ndakwatira kuno. Bola aziganiza zimenezo." Anamwa tiyi pang'ono. "Kutaya ndalephera. Ndinayesa kamodzi, ndinaiika mu bini, ndisanafike pa maloboti ndinabwerera. M'mawa uliwonse lole ikakhota ndimadziwa kuti waima kumbuyo kwangaku. Sindisowa kucheuka. Ndimaona kuwala kwake pa rimu imene ndikukonza."

"Nanga bwanji mukuwauza bambo a Farhana zomwezo, amalume?" ndinafunsa.

Lole inadutsa, kontena inanjenjemera.

"Chifukwa si bodza lonse. Anandimenyadi, mkono uwu ndi mboni. Akakuona amakumenya. Akapanda kukuona amakuponda. Ndinaphunzira mochedwa kuti womenyedwa amadzuka n'kudzamwa tiyi." Anaika kapu pansi. "Koma ndikanena m'mawa pamaso pa anthu kuti Tonderai akunena zoona, ndiye kuti ndanena kuti mwana wa eni ndinamupha ndine. Tsiku lililonse ndikamabwera ndimati lero ndinena. Tonderai akafika ndi kanyali kake, ndikatsegula pakamwa, zimatuluka zakale zomwe zija, ndipo anthu amaseka. Akaseka ndimapuma. Lolemba lija amuna anu atandifunsa, ndinamva mawu anga akuyankha ngati akulankhula ndi munthu wina. Usiku wake sindinagone. Njinga iyi ndaimanga bwino kuposa zonse, koma ndi yakuda ngati ija."

Anaimirira n'kulowa mu kontena. Ndinamva akusuntha matayala. Anatuluka atagwira vesti ija ndi manja awiri, nkhope atayang'ana kumbali. Fumbi linali litaundana pamapewa, koma mizere yake inali yonse, yosang'ambika. Inavalidwa tsiku limodzi lokha.

"Mumasoka, si choncho?"

"Ndimasoka pamanja."

"Musomole mizere iyi. Muisokere pa jekete ya amuna anu, kumsana ndi m'manja, ndi ulusi wa nsapato, kuti asathe kuichotsa n'kuiika m'chikwama. Mkati mwa kolala musokeremo kansalu koyera. Mulembepo dzina lawo, dzina la bambo awo, mudzi, ndi nambala yanu. Mulembenso kuti ndi Msilamu. Mkati, osati kunja. Omenya safufuza mu kolala, koma osambitsa amafufuza."

Ndinalandira. Inali yopepuka kwambiri, ndipo sindikudziwa chifukwa chimene ndinkayembekezera kuti ilemera.

"Akakana?" ndinafunsa. "Iwo amamvera inu, osati ine."

"Ndikudziwa. Ndi chifukwa chake sindinamalize." Anayang'ana mkati mwa kontena, koyamba chiwadziwireni, pamene panatsala msomali wokha ndi waya. Kenako anayang'ana ine.

"Lolemba adzafika pano onse, Tonderai, Joel, amuna anu ndi njinga yawo. Ine ndikudzidziwa, ndidzayamba zanga zija, malamulo atatu. Ndikadzangoyamba, mwanangu, musadzandipatse ulemu. Mudzandidule mawu pamaso pa onse. Mudzandifunse kuti, amalume, pa msomali paja panali chiyani, ndipo chinali cha yani? Mudzafunse mokweza, ndipo ndikadzayesa kuseka mudzafunsenso."